Za Iwo Oima Pamsika Tsiku Lonse

Mwezi uno tisinkhesinkhe pamodzi fanizo lija la pa Mateyu 20:1-16, la mwini munda wa mpesa amene anatuluka kukafuna antchito. Anatuluka mbandakucha, natulukanso dzuwa litakwera, ndi masana, ndi popendeka dzuwa. Ndipo litatsala ora limodzi kuti kude, anapeza ena ali chiimire pamsika. Iye anawafunsa chifukwa chake, ndipo iwo anamuuza kuti panalibe munthu wowalemba ntchito. Tidziwa kuti fanizoli linena za chisomo cha Mulungu. Komatu Ambuye anatenga chithunzi chake pa chinthu chooneka ndi maso, ndicho munthu wa manja awiri, wofuna kugwira ntchito, koma wosowa womlemba.

Msika wotere ulipo ndi lero lomwe, ndipo ana athu ambiri aima pomwepo. Tinena za dziko la South Africa, limene kwathu kuno tilitcha Joni chifukwa cha mzinda wa Johannesburg. Makolo athu anapita kumeneko ndi Wenela kukakumba golide, nabwera ndi njinga, zofunda ndi ndalama za msonkho. Pofika 1973 Amalawi a m'migodi ya kumeneko anaposa 100,000. Koma mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, nipha anthu oposa 70, ochuluka a iwo Amalawi obwerera kwawo, pamenepo Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Njirayo inatsegukanso mu 1977 kwa anthu owerengeka, nitsekeka ndithu mu 1988. Chotsala m'midzi mwathu ndi mbiri yokha, yakuti ku Joni ntchito siisowa.

Tsono tamvani m'mene zinthu zayendera kwa eni dziko okha. Mu 1994, chaka chimene Nelson Mandela analowa pa mpando, mwa anthu 100 alionse ofuna ntchito, pafupifupi 20 anali osaipeza. Pofika 2003 anayandikira 30. Zaka zotsatira zinapepukako, ndipo mu 2008 anatsika kufika pa 22 kapena 23. Koma malonda atagwa pa dziko lonse lapansi, chiwerengerocho chinayambanso kukwera, kufikira 29 pakutha pa 2019. Unabwera mliri wa Covid-19, ndipo m'miyezi itatu yokha ya 2020 ntchito zoposa 2 miliyoni zinatha. Pakutha pa 2021 osowa ntchito anakwana 35 mwa 100. Ndipo m'chaka chonse cha 2024 sanatsike pansi pa 31. Dziwaninso kuti ofesi ya boma yosunga chiwerengerochi, Statistics South Africa, iwerenga iwo okha amene akufunafunabe ntchito. Pamene iwonjezapo otaya mtima, oleka kufunafuna, apitirira 40.

Abale, njala ya chaka chimodzi timaipirira, podziwa kuti mvula idzagwanso. Koma ichi chakhala zaka 30, chitsika pang'ono ndi kukweranso kuposa kale. Zifukwa zake si zobisika ayi. Golide wapafupi anatha, ndipo wotsalayo ali pansi penipeni, pena mtunda wa makilomita 4, wofuna ndalama zambiri kumkumba. Motero migodi ya golide imene inali ndi antchito oposa 500,000 m'ma 1987, pofika 2020 inatsala ndi pafupifupi 100,000. Makina alowa m'malo mwa manja. Lamulo la Bantu Education la 1953 linamana ana a anthu akuda maphunziro enieni, ndipo bala lake silinapole. Magetsi nawo anayamba kuzimazima mu 2007, nafooketsa nyumba za ntchito. Ndipo pamene nsima ichepa m'mbale, mlendo ndiye ayamba kuonedwa ndi diso loipa: mu May 2008 anthu 62 anaphedwa pa chipolowe chothamangitsa alendo, ndipo mu 2015 boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake.

Nanga ife Akhristu a m'midzi tichitenji? Choyamba, tinene zoona. Mwana akafuna kugulitsa mbuzi za amake, kapena kupinyolitsa munda wa banja, kuti apeze ndalama za ulendo, akulu a mpingo akhale naye pansi namuuze zimene talembazi. Sitinena kuti kupita ndi tchimo. Yakobo yemwe anatuma ana ake ku Aigupto nthawi ya njala. Tidziwanso chimene chimkankha mwanayo, pakuti kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni m'Malawi, ndipo wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, koma nthaka siinakule. Chimene tikana ndi chakuti apite ali wonyengedwa. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Chachiwiri, tisunge lilime lathu. Ambiri a ife tifulumira kutchula mawu a Paulo a pa 2 Atesalonika 3:10, tikaona mnyamata ali khale pa sitolo. Koma Paulo ananena za munthu wokana ntchito, osati woisowa. Tifunse poyamba, monga anafunsa mwini munda uja. Ndipo wobwerako ku Joni chimanjamanja tisamseke. Matchona ambiri sakhalira kumeneko chifukwa cha kukoma kwa dzikolo, koma aopa manyazi a kwawo. Ndipo akazi awo akalamba ali kuyang'ana kunjira. Kodi si kuseka kwathu kumene kwawatsekera pakhomo?

Chachitatu, yense wa ife amene ali ndi kanthu akhale ngati mwini munda wa mpesa, wotuluka kawiri ndi katatu kukafuna oima chabe. Iwe mmisiri wa matabwa, iwe womanga nyumba, iwe telala, tenga mwana mmodzi umphunzitse luso lako, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Iwe wa dimba lalikulu, mgawire ndime mnyamata wosowa polima, monga Boazi analola Rute kukunkha m'munda mwake. Ndipo iwe wolemba aganyu, uwalipire dzuwa lisanalowe, monga chilamulo chilamula pa Deuteronomo 24:14-15. Usanene kuti bwera mawa, pamene ana ake agona ndi njala usiku uno.

Ife sitingathe kutsegula migodi yotsekedwa, kapena kutsitsa chiwerengero cha dziko la eni. Koma pa mudzi uliwonse pali mnyamata kapena mtsikana amene dzina lake tilidziwa, woima pamsika kufikira madzulo. Ambuye atipatse maso akumuona, ndi mtima wakumuitana. Amen.