Khutba ya Jumu'ah: Chakudya Choipitsitsa Ndi Chiti?

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad.

Abale olemekezeka m'Chisilamu, opani Allah. Pamene ma Quraish adasala Mtumiki (SAW) ndi abale ake ku Makka, kwa zaka pafupifupi 3 anthu m'chigwa cha Abu Talib adadya masamba a mitengo ndi zikopa zouma. Kulira kwa ana anjala kunkamveka kunja kwa chigwacho. Komatu chimenecho sichidali chakudya choipitsitsa, pakuti adachidya mopirira, opanda tchimo.

Choipitsitsa chimadyedwa ndi munthu wokhuta. Mu Surah An-Nisa, ndime 10, Allah akutichenjeza kuti chuma cha ana amasiye chodyedwa mopondereza ndi moto m'mimba mwa wochidyayo. Mu Surah Al-Hujurat, ndime 12, wamiseche akufaniziridwa ndi munthu wodya mnofu wa m'bale wake wakufa.

Choncho amene adalanda munda wa ana a malemu, aubweze lero asanasambe m'manja kudya nsima yamadzulo. Amene wajeda mnzake, alape ndipo akapepese. Gaga wa halali aposa nyama ya haramu.

E Allah, tidyetseni za halali ndipo tikhululukireni machimo athu. Ameen.