Uzidziwa Amene Wagogoda Pakhomo Pako

Mwana wanga, popeza tsopano ukudzilipirira lendi kuno ku Mchengautuwa ndipo wayamba kusonkhanitsa katundu wa m'nyumba, ndikuuzeko za anthu a boma amene tsiku lina angaime pakhomo pako. Aliyense wa iwo ali ndi ntchito yake ndi malire ake. Munthu wosadziwa malirewo amapereka katundu kwa wosayenera kulanda, kenako n'kukalimbana ndi amene lamulo lamutuma. Safunsa anadya phula.

M'mafilimu a ku America amene mumaonera pa foni, sherifu ndi bambo wachipewa chachikulu ndi nyenyezi pachifuwa. Kumeneko, m'madera ambiri, anthu amachita kumuvotera, ndipo ofesi yake imodziyo imalondera misewu, imafufuza milandu, imasunga akaidi ndi kupereka masamani. Kwathu kuno ntchitozo zinagawidwa patatu: apolisi, a ndende, ndi masherifu a khoti. Sherifu wathu sathamangitsa mbava ndipo sasunga mkaidi. Ali pansi pa makhoti, ndipo ntchito yake ndi kukwaniritsa zimene khoti lagamula.

Kugawaku usakuone ngati kuchulukitsa maofesi chabe. Ife tinakhalapo m'masiku amene mnyamata wa chipani ankakutsekereza pa chipata cha msika chifukwa ulibe khadi, popanda woweruza kapena pepala lililonse. Mkangano wa apayoniya ndi asilikali umene unayambitsa Operation Bwezani mu Disembala 1993 unabukira mu Mzuzu momwe muno. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anabwera kudzanena kuti womanga akhale wina, woweruza wina, wosunga wina. Tinazipeza movutikira zimenezi.

Akakuthyolera nyumba, akakumenya, kapena njinga yako ikasowa pa msika wa Zigwagwa, thamangira ku polisi. Kumeneko kuli ofufuza milandu a CID, kuli apolisi a pamsewu, kulinso ofesi ya Victim Support Unit yomva madandaulo a nkhanza za m'banja ndi za ana ogwiriridwa. Nkhani ya mwana wogwiriridwa usalole kuti ithere pa mkeka wa ankhoswe ndi nkhuku. Wochitayo mawa akagwira mwana wina.

Anyamata a chitetezo cha m'dera, aja oyenda usiku ndi mawezulo, uziwalemekeza ndi kuwasonkhera, chifukwa amazizidwa ndi chiperoni cha kuno iwe uli m'bulangete. Komabe ntchito yawo imathera pa kugwira ndi kukapereka ku polisi. Kumenya, kulipiritsa chindapusa, si zawo. Ndipo ukamva anthu akukuwa wakuba, wina atanyamula kale tayala ndi petulo, iwe bwerera. Mawa lake apolisi amatola aliyense amene anaonekera pamenepo, ndipo mlandu wake ndi wakupha.

Ukamangidwa, usalimbelimbe ndipo usatukwane. Gawo 42 la malamulo aakulu limati akuuze chifukwa chake m'chiyankhulo chimene ukumva, kaya ndi Chitumbuka kaya Chichewa, ndipo akufikitse kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti litsegule nthawiyo ikathera pa tchuthi. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wapolisi akakuzunza kapena kukupempha kangachepe, sunga dzina lake ndi tsiku. Lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa bungwe la Independent Complaints Commission lomva madandaulo otere.

Ngongole si nkhani ya chitolokosi. Gawo 19 la malamulo aakuluwo limaletsa kutsekera munthu chifukwa choti walephera kukwaniritsa pangano. Wokongoza akakuopseza kuti akugoneka kupolisi, dziwa kuti njira yake yeniyeni ndi kukasuma kukhoti. Koma usanyade nazo. Ngati ndalamazo unazitenga mwachinyengo, umenewo ndi mlandu wa apolisi ndithu. Ngati unakongola moona, khoti lili ndi njira ina yokupezera, ndipo apa ndi pamene ndikufuna utchere khutu.

Kawirikawiri masherifu safika mwadzidzidzi monga anthu amanenera. Patsogolo pawo pamabwera pepala, chisamani. Ndaona anthu ambiri akulandira pepala limenelo, kulipinda kanayi, kulilowetsa pansi pa nsalu ya patebulo, ati nkhaniyo izizira yokha. Ena amathawira kumudzi mwezi wathunthu. Mlandu suwola, mwana wanga. Ukapanda kuyankha, khoti limamva mbali imodzi n'kugamula iwe kulibe, ndipo zonse zimene unali nazo zonena, kuti theka unabweza kale, kuti chiwongoladzanja cha katapila chinaposa nzeru, palibe amene wazimva. Tsono ukalandira chisamani, werenga tsiku ndi dzina la khoti, kaya ndi la majisitireti kaya High Court ya kuno ku Mzuzu, ndipo upite. Ngakhale ngongoleyo ukuivomera, pita ndithu, ukapemphe kulipira pang'onopang'ono. Woweruza amamvera munthu amene wabwera.

Chigamulo chikanyalanyazidwa, wosumayo amatenga chilolezo cholanda katundu, ndipo ndi pamene lole imaima pamsewu. Anthu amatsika ndi mapepala, mmodzi n'kulowa pabalaza akulemba: filiji, wailesi yakanema, mipando ya sofa, makina osokera. Anansi amasiya kuchapa n'kusuzumira pa mpanda, ana ako akuona mpando umene amadyerapo ukukwezedwa. Tsiku limenelo mtima umatentha, koma ugwire. Funsa mwaulemu chitupa chawo cha ntchito. Pempha kuona pepala la khoti, uwerenge dzina lako, nambala ya mlandu, chidindo ndi ndalama zimene zalembedwa. Onetsetsa kuti chinthu chilichonse chotuluka chalembedwa, ndipo iwe utsale ndi pepala lako la mndandandawo. Kutseka chitseko, kutola mpini kapena kuitana anyamata n'kudziwonjezera mlandu wolepheretsa ntchito ya khoti pamwamba pa ngongole. Ngati pali cholakwika, chikakonzedwa kukhoti komwe kunachokera pepalalo, pakuti khoti lokha ndilo lingaimitse kulandako.

Usaganize kuti katundu akapita ndiye ngongole yatha. Pamwamba pa ngongole pamabwera ndalama za masherifu ndi zonyamulira. Ukachedwa kuwombola, katunduyo amagulitsidwa pa okushoni, ndipo pa okushoni filiji imene unaisungira ndalama chaka chonse imapita pa mtengo wolira nawo. Zikapanda kukwana, chotsalacho chidakali pamutu pako. Ndalama iliyonse imene upereke, lisiti likhale m'manja mwako usanatembenuke.

Samala ndi anthu odzitcha masherifu. Mwini nyumba amene wabwera ndi achibale ake kudzazula chitseko kapena kuchotsa malata mvula ili mkati chifukwa cha lendi ya miyezi iwiri, ameneyo akudziweruzira yekha mlandu. Wakatapila wotuma anyamata kudzanyamula matiresi chimodzimodzi. Ukapanda kuona pepala lovomerezeka, itana a buloko lida ndi anansi akhale mboni, kenako ukanene kupolisi. Nawenso tsiku lina ukadzakhala ndi nyumba ya lendi, usadzachite zimenezi kwa mwana wa mnzako.

Dzanja lako usamalisayinitse mwachisawawa. Mnzako akati ungondisayinirako ku banki kapena ku bungwe lokongoza, funsa ngati ukusayina monga mboni kapena monga womulipirira akalephera. Ambiri alandidwa katundu chifukwa cha ndalama zimene sanadyeko n'khobidi lomwe, mwini ngongole ali phee ku Joni.

Za ndende ndinena mwachidule. Woyang'anira ndende sagamula mlandu ndipo sangatulutse munthu mwa kufuna kwake, choncho wokuuza kuti umupatse ndalama akatulutse m'bale wako akukudyera. Ndende ya Mzuzu ndi yothinana, ndipo ena mwa okhalamo akungodikira mlandu. M'bale wako akakhala kumeneko, kamuone, umutengere chakudya ndi sopo, ufunse tsiku lake la kukhoti, chifukwa wopanda womufunsira amaiwalika.

Ukasowa ndalama ya loya, usakhale pansi n'kumalira. Boma lili ndi Legal Aid Bureau yothandiza osauka pa milandu, ndipo ofesi yawo ilipo mu Mzuzu muno. Upite msanga chisamani chikangofika, lole isanabwere, utanyamula mapepala onse. N'chifukwa chake ndimakuuza kuti malisiti a katundu, pangano la lendi ndi kalata iliyonse ya ngongole uzisunga m'jumbo losalowa madzi. Masherifu akadzatenga makina a mkazi wako pa ngongole yako, kapena wailesi yako pa ngongole ya amene mumakhala naye, mwini wake ali ndi ufulu wokadandaula kukhoti, ndipo chimene woweruza adzafunse poyamba ndi umboni woti katunduyo ndi wake.