Dzina Likatuluka pa Mndandanda

Kunja kukadali kachisisira, ndiye tiyankhule motsitsa mawu.

M'mawa uno ndikuganizira mtsikana amene dzina lake latuluka pakati pa osankhidwa kukaphunzira unamwino. Mwina ndi ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe idabadwa mu 2021 Kamuzu College of Nursing itaphatikizana ndi College of Medicine. Mwinanso ndi ku sukulu za CHAM, kaya ku Nkhoma, ku Ekwendeni kapena ku Malamulo. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ankhaninkhani. Biology ndi masamu a MSCE zidamusowetsa tulo, akuwerenga ndi katochi anzake akuliza mkonono.

Amayi ake aimbe nthungululu, nkoyenera ndithu. Koma mtima wanga uli kutsogoloko, tsiku loyamba mu wodi: dzanja likunjenjemera pofunafuna mtsempha pa mkono wa agogo, agogowo nkumati, "Baya mwananga, usaope." Zaka zitatu kapena zinayi zotere, kenako mayeso a Nurses and Midwives Council asanayambe ntchito.

Ndipo inu amene munafufuza dzina lanu osalipeza, sindinakuiwaleni. Imwani kaye tiyi. Sukulu zina zimalengeza malo pazokha, ndiye tcherani khutu.