Kodi Namzeze ndi wa Yani?

Ku England, mwezi wa September ukafika, masamba a mitengo ayamba kufiira ndi kuyoyoka, ndipo usiku uyamba kutalika. Imeneyi ndiyo nyengo yokhala pakati pa mafundi ndi cisanu, imene eni dziko aicha autumn. Pa nyengo imeneyi munthu wolawira m'mapaki a mu London, monga Regent's Park kapena Richmond Park, angathe kukomana ndi kagulu ka anthu khumi kapena makumi awiri oyenda pang'onopang'ono, olankhula monong'ona, atakoleka m'khosi magalasi oonera patali. Patsogolo pao pali mtsogoleri wodziwa mbalame. Iye akaima, onse aima. Akaloza ku nthambi, onse apenya komweko. Awauza dzina la mbalameyo, kumene yacokera ndi kumene ilinkupita, ndipo ena alemba m'timabuku tao. Dzuwa likakwera abalalika, yense kunka kwace, m'manja mulibe kanthu.

Mnyamata wokulira ku Katete kapena ku Petauke, amene anadziwa kuponya legeni ndi kuchera ulimbo asanadziwe kulemba dzina lace, akamva zimenezi ayamba waseka. Afunsa kuti, "Anthu akuluakulu ndi ndebvu zao, kutha m'mawa wonse alikulondola mbalame, osabwera ndi ndiwo?" Funso lace si lopusa iai, pakuti ambiri amanena kuti cako ndi cimene wadya. Koma pansi pa funso limeneli pagona lina lalikulu, loyenera kuti wotsiriza sukulu aliyense aliganizire asanalowe nchito: kodi munthu ali ndi mangawa pa cinthu cimene sadzacidya, sadzacigulitsa, ndiponso sicidzakhala cace? Namzeze angathandize kuyankha.

Pakati pa mbalame zimene anthu aja aziyang'ana mu September pali anamzeze a pakhosi pofiira, osonkhana pa mawaya kukonzekera ulendo. Kambalame kameneka kalemera magalamu 20 okha, koma kaoloka nyanja ya Mediterranean, kadutsa cipululu ca Sahara, ndi kutsika mpaka kumwera kwa Afirika, mtunda wa mamailosi ngati 6,000. Anamzeze a mtundu umenewu, ocokera ku Ulaya ndi ku Asia, aoneka m'Zambia mvula itayandikira, pamene mitengo ya mombo yatsiriza kuphuka masamba ace ofiira. Usana asaka tizirombo touluka pamwamba pa madambo ndi minda, usiku agona m'bango, ndipo mu March kapena April abwerera kumpoto. Samanga cisa kuno. Amene amata zisa za dothi pa makhonde a masukulu ndi maofesi ndi abale ao a mitundu ina, obadwira mu Afirika momwe.

Kwa zaka mazana ambiri anthu a ku Ulaya sanadziwe kumene mbalame zao zinali kupita. Buku la mneneri Yeremiya lichula dokowe ndi namzeze monga mbalame zodziwa nyengo zao, komabe ophunzira ena anali kukhulupirira kuti anamzeze agona m'matope pansi pa maiwe mpaka cisanu citatha. Ngakhale mbusa Gilbert White wa ku Selborne, amene buku lace la za cilengedwe linasindikizidwa mu 1789, sanathe kucotseratu ganizo limeneli m'mtima mwace. Mu 1822 pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany anaombera dokowe amene anali ndi mubvi wa ku Afirika wopyoza khosi lace. Mbalameyo inauluka nao ulendo wonsewo, ndipo isungidwabe ku Rostock. Mu 1899 mphunzitsi wa ku Denmark, Hans Christian Mortensen, anayamba kubveka mbalame timphete tokhala ndi nambala ku miyendo. Pambuyo pace namzeze amene anambveka mphete ku Staffordshire mu 1911 anapezeka ku Natal mu December 1912. Pamenepo mkangano unatha.

Tsono namzeze ameneyu ndi wa yani? Mlimi wa ku England anena kuti ndi wace, popeza anaswedwa m'khola la ng'ombe zace. Mlimi wa ku Afirika anganenenso kuti ndi wace, popeza akhala m'dambo lace theka la caka, nadya tizirombo ta m'munda mwace. Onse awiri anena zoona pang'ono, ndipo onse awiri alakwa, cifukwa palibe mmodzi wa iwo amene angamtsekere m'khola kapena kumsiyira mwana wace ngati colowa. Namzeze alibe mwini. Ndipo apa ndi pamene pali tsoka lace, pakuti cinthu copanda mwini ndico cimene ciyamba kutha. Mbuzi ya munthu ikadwala, mwini agona tulo tocepa. Koma mbalame yodutsa maiko khumi, dziko liri lonse liganiza kuti kutengako pang'ono sikuononga kanthu, ndi kuti otsalawo adzaisunga.

Zimenezi zinacitika kale, ndipo zilikucitikabe. Ku North America kunali nkhunda za kuthengo zouluka m'magulu akulu kotero kuti zinali kuphimba dzuwa. Alenje anazipha ndi kuzitumiza ku misika ya m'mizinda m'migolo, nkhalango zao zinadulidwa, ndipo yotsiriza inafa mu 1914 m'khola la zinyama ku Cincinnati. Palibe munthu mmodzi amene anatsiriza mtunduwo. Aliyense anangotenga gawo lace. Ku Ulaya kulinso njiwa ina imene iswa kumeneko ndi kuthawira cisanu kumadzulo kwa Afirika. Kulima kwa makono kunatha maudzu amene njere zace inali kudya, alenje a m'mbali mwa Mediterranean anaiombera podutsa, ndipo pa njiwa 100 ziri zonse zimene zinali ku Britain mu 1970, lero sizikwana 10.

Nanga ciwerengero cimeneci cinadziwika bwanji? Cinacokera kwa anthu onga aja oyenda m'manja mulibe kanthu. Kuyambira 1962 bungwe la British Trust for Ornithology linayamba kusonkhanitsa zolemba za anthu wamba oyenda m'minda ndi m'nkhalango zomwezomwezo caka ndi caka, osalandira malipiro, kuwerenga mbalame zimene aona ndi kumva. Popanda iwo njiwa ija ikanatha mwakacetecete, anthu nkumangoti caka cino zacepa. Cotero woyang'ana mbalame ali ngati mboni pa bwalo la milandu: saweruza, salandira kanthu, koma popanda iye mlandu wa wosauka sumveka. Kuyenda m'paki ndi mtsogoleri ndiko sukulu imene mboni zotere ziyambira, pakuti munthu sangawerenge cimene sadziwa dzina lace.

Pali zotsutsa ziwiri zimene siziyenera kubisidwa. Coyamba ndi njala. Nkwapafupi kwa munthu wokhuta kunena kuti mbalame ndi yoyang'ana cabe. Mwana wa m'mudzi amene aphika timba kapena njiwa sacita zimenezo mwa masewera okha, ndipo mai amene mapira ace atha ndi mbalame sangaziimbire nyimbo. Wonena zimenezi anena zoona, ndipo palibe cilungamo comwe cingalamulire wanjala kuti afe ndi njala kuti mbalame ikhale ndi moyo. Koma kudya kusiyana ndi kupulula. Wochera msampha kuti apeze ndiwo za tsikulo ali pena. Wotentha bango lonse m'mene mbalame zigona, wothira mankhwala m'madzi, kapena woponya mwala pa cisa cifukwa cakuti dzanja lamuyabwa, ali penanso. Mlenje wanzeru adziwa yekha kuti akapha yoikira mazira wadya ndiwo za caka camawa.

Cotsutsa caciwiri ndi cakuti Azungu alibe mau ophunzitsa ena, popeza iwo eni anapha zambiri. Izinso nzoona. Panali nthawi imene akazi olemera a ku London ndi Paris anali kukongoletsa zipewa zao ndi nthenga za akakowa, ndipo mbalame zosawerengeka zinaphedwa m'maiko ambiri cifukwa ca malonda amenewo. Koma amene anayamba kukana anali akazi omwewo. Mu 1889 Emily Williamson anasonkhanitsa anzace ku Didsbury, mu Manchester, nalonjezana kuleka kubvala nthengazo. Bungwe lao linakula ndi kukhala Royal Society for the Protection of Birds, ndipo mu 1921 nyumba ya malamulo inaletsa kulowetsa nthenga zotere m'dzikomo. Munthu amene nyumba yace inapsa akacenjeza mnzace za moto, wanzeru amvera. Safunsa kuti bwanji iwe unatentha yako.

Ndiponso nzeru imeneyi si yacilendo m'midzi. Msitu wa ku manda suli wa munthu mmodzi, koma palibe wolowamo ndi nkhwangwa kukatema mitengo ya nyumba yace, ndipo cifukwa cace m'madera ambiri mitengo yaikulu yatsala pamenepo pokha. Citsime ca mudzi cilibe mwini, koma wocapiramo zobvala adzudzulidwa ndi onse. Mlendo wofika madzulo si mbale, sadzalipira, kapena sadzabweranso, komabe apatsidwa madzi, nsima ndi mphasa, pakuti mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Makolo anazindikira kuti ulemu wa munthu uoneka bwino pa zinthu zimene palibe womukakamiza kuzisunga. Namzeze ndi mlendo wotere. Afika wotopa, akhala miyezi yowerengeka, ndipo cimene afuna kwa eni mudzi ndi dambo losauma ndi bango losatenthedwa.

Kuyang'ana mbalame kuli ndi phindu linanso, logwera woyang'anayo. Coyamba kumphunzitsa kudekha, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo wothamanga ndi wosokosa aona michira yokha ya mbalame zothawa. Caciwiri kumphunzitsa kunena zoona. Munthu ali yekha m'chire ndi kabuku kace angathe kulemba kuti waona mbalame makumi asanu pamene waona zisanu, kapena kuchula dzina la yosowa kuti anzace amtame, ndipo palibe angamgwire. Koma akatero, ciwerengero ca onse caonongeka. Mtsogoleri wabwino aphunzitsa omtsata kuti akakaika alembe kuti sanaione bwino. Cacitatu kumphunzitsa kukondwera ndi cinthu osacigwira. Diso limene lazolowera kufunsa mtengo wa cinthu ciri conse silipumula, cifukwa za pa dziko nzambiri ndipo thumba ndi laling'ono.

M'Zambia momwe muli anthu amene kuyenda kotere ndiyo nchito yao. Mu 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu kutsegula msasa wa alendo m'cigwa ca Luangwa, kuti ndalama za odzaona nyama zipindulire anthu a mfumuyo, ndipo pambuyo pace cigwaco cinachuka ndi maulendo a pansi otsogozedwa ndi odziwa chire. Ambiri a atsogoleriwo ndi ana a m'cigwa momwemo, amene anayamba kudziwa kulira kwa mbalame ali abusa ndi asodzi. Koma wonena kuti mbalame isungidwe cifukwa ibweretsa ndalama za alendo sanafike pa tsinde la nkhani, pakuti tsiku limene alendo adzaleka kubwera adzaona kuti palibenso cifukwa coisungira.

Tsinde lace ndi ili. Wotsiriza sukulu akalowa nchito adzapeza m'manja mwace zinthu zambiri zonga namzeze: ndalama za Boma, mankhwala a m'cipatala, mabuku a sukulu, mafuta a galimoto ya ofesi, nthawi ya anthu oima pa mzere. Zonsezi zioneka ngati zopanda mwini, ndipo padzakhala anzace omuuza kuti ca Boma sicilira, kutengako pang'ono sikupha munthu. Ndiwo mau omwe aja amene anatsiriza nkhunda za ku America. Wina akatenga pang'ono, ndi mnzace pang'ono, tsiku lina mai afika ndi mwana wodwala napeza kabati ya mankhwala iri gwa, ndipo palibe mmodzi amene angabvomere kuti ndiye wapha mwanayo. Cinthu ca anthu onse cikhala ndi moyo pokhapokha aliyense wociona podutsa acisunga ngati kuti ndiye yekha mlonda wace.

Cotero yankho la funso lija ndi lakuti namzeze si wa munthu, koma ali m'manja mwa yense amene adutsa pa mudzi pace, kuyambira mlimi wa ku Staffordshire mpaka mbusa wa ng'ombe wa m'mbali mwa Kafue. Palibe wa iwo amene adzaona mnzace ndi maso, ndipo palibe angadziwe ngati mnzaceyo wasunga mbali yace. Aliyense angosunga yace. Mwezi wa October ukafika, mitambo itayamba kudera kum'mawa, mnyamata uja wa legeni angayese tsiku limodzi kuisiya m'thumba, ndi kukaima phee pa dambo madzulo. Akaona tianamzeze ta pakhosi pofiira tilikutsikira m'bango, awerenge, alembe tsiku ndi ciwerengero cace, ndipo caka camawa abwerenso pomwepo kudzaona ngati alendo ace afika onse.