Kodi Chimene Ambiri Asankha Ndicho Cholungama?

M'dziko la Amereka muli mwambo umene ophunzira a m'sukulu za sekondale amauyembekezera ndi mtima wonse. Chaka cha maphunziro chikamapita kumapeto, makamaka m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, ophunzira a m'makalasi omaliza amakhala ndi phwando la magule lotchedwa prom. Mwambowu udayambira m'makoleji chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kenaka udafalikira m'sukulu za sekondale. Anyamata amavala masuti, atsikana madiresi aataliatali, ndipo holo imakongoletsedwa molingana ndi mutu umene wasankhidwa. Mutuwo ukhoza kukhala usiku wa nyenyezi, moyo wa pansi pa nyanja kapena ulemerero wa akatswiri a mafilimu a ku Hollywood. Kawirikawiri kabungwe ka ophunzira ndiko kamabweretsa mitu ingapo, anzawo n'kuponya voti.

Poiona patali, nkhani yosankha mutu wa phwando ndi yachibwana. Koma m'kati mwake mwabisala funso limene lasautsa anthu oganiza kuyambira kale: kodi chinthu chimasanduka cholungama chifukwa chakuti ambiri achikonda?

Amene amayankha kuti inde ali ndi mfundo zomveka. Iwo amati palibe mutu umene ungakomere munthu aliyense, ndipo kabungwe kakati kadikire kuti onse agwirizane, tsiku lidzafika holo ili mbee. Amatinso voti ndiyo njira yopanda tsankho, popeza mwana wa munthu wolemera ndi mwana wa munthu wosauka aliyense amaponya imodzi. Aphunzitsi akasankha okha, phwandolo limaleka kukhala la ophunzira.

Komabe voti imangowerenga manja amene akwezedwa, siyeza kulemera kwa katundu amene aliyense adzasenze. Mutu wa phwando umalamula zovala, ndipo zovala zimalamula thumba la makolo. Ophunzira akasankha zakuti aliyense adzaoneke ngati wa kubanja lachifumu, mwana amene kwawo akuvutika kulipira lendi sadzatsutsa pagulu. Iye adzangonena kuti magule sawakonda, tsikulo n'kubindikira m'nyumba. Ambiri aja akadagonja pa voti akadangotaya zokongoletsa zimene amazifuna, pamene mnzawoyu wataya phwando lonse.

Palinso mitu imene imapweteka mtima osati thumba. Mutu wokumbutsa minda ikuluikulu ya thonje ya kumwera kwa Amereka, ukapolo usanathetsedwe mu 1865, umaoneka mosiyana kwa ana okhala m'kalasi imodzi. Wina amaonamo nyumba zokongola ndi madiresi otambalala, wina amaonamo makolo ake akugulitsidwa pamsika. Kuchuluka kwa oseka sikuchepetsa ululu wa amene walasidwa.

Mbiri ya mwambowu ikuchitira umboni kuti chimene anthu azolowera sichikhala chabwino nthawi zonse. Mu 1954 bwalo lamilandu lalikulu la dzikolo lidagamula kuti kulekanitsa ana akuda ndi oyera m'sukulu za boma n'kosemphana ndi malamulo. Ana atayamba kuphunzirira pamodzi, m'madera ena makolo ankakonza okha maphwando awiri, lina la oyera lina la akuda, ndipo oteteza mchitidwewu ankati ndi mwambo chabe. Ku Charleston m'chigawo cha Mississippi, katswiri wa mafilimu Morgan Freeman adalonjeza mu 1997 kulipira zonse ngati ana onse atavinira pamodzi, koma zimenezi zidatheka mu 2008. M'boma la Wilcox ku Georgia, phwando loyamba la ana a mitundu yonse lidachitika mu 2013, ndipo adalikonza ndi ophunzira eni ake. Mutu wawo udali gule wa zophimba nkhope mumzinda wa Paris. Mutuwu sudali wachilendo, pakuti sukulu zambiri zimasankha yofanana nawo. Chimene chidaukometsa n'chakuti khomo lake lidali lotsekukira aliyense.

Pamenepa mpoonekeratu kuti ubwino wa mutu sugona pa kukongola kwake, koma pa anthu amene ukuwalola kulowa. Nanga osankha angadziwe bwanji kuti sakutsekera wina kunja? Katswiri wa maganizo wa ku Amereka komweko, John Rawls, adapereka njira m'buku lake la mu 1971. Iye adati malamulo olungama ndi amene munthu angawavomereze asanadziwe malo amene adzakhale m'gululo, kaya adzakhala wolemera kapena wosauka, wa mtundu waukulu kapena waung'ono. Wophunzira aliyense wa m'kabungwe atadzifunsa ngati akadaukondabe mutuwo iye akadakhala wosaukitsitsa m'kalasi, mitu ina ikadagwa voti isanayambe. Makolo athu adanena kale zofananazo pamene adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono voti ili ndi malo ake, koma malowo ndi achiwiri. Ntchito yoyamba ndi kupeta, kuchotsa mitu yofuna ndalama zambiri ndi yonyoza mtundu, chipembedzo kapena mbiri ya wina. Popeta m'pofunika kufunsa mwakachetechete iwo amene manyazi amawatseka pakamwa, chifukwa kukhala chete si kuvomera. Mitu imene yatsala m'lichero ndiyo iperekedwe kwa onse, ndipo pamenepo chimene ambiri akonda chilemekezedwe. Ena amadandaula kuti kupeta kotere kumasiya mitu yozizira. Amaiwala kuti nyenyezi zodulidwa papepala ndi manja a kalasi yonse zimakumbukika kuposa nsalu zodula zimene ena adangoziona pachithunzi.

Ophunzira a kuno kwathu amene amakonza maphwando otsanzikana ndi a Folomu 4 amakumana ndi funso lomweli pokambirana za msonkho, zovala ndi nyimbo. Achinyamata omwewa ndiwo mawa adzakhale m'makomiti a m'midzi, m'mipingo ndi m'boma. Amene waphunzira kukumbukira mnzake wosowa suti pokonza phwando la usiku umodzi sadzavutika kukumbukira wamasiye pogawa munda.