Umboni wa Singano Yonjenjemera

Kodi munthu achite nacho chiyani chinthu chimene wachiona ndithu ndi maso ake, koma tanthauzo lake silinamuululikire? Funso limeneli lasautsa opembedza ndi osapembedza omwe chiyambire makedzana, ndipo ine ndimaliganizira kwambiri ndikakumbukira zipinda zamdima zimene akatswiri amasungamo zipangizo zolemba kusinthasintha kwa mphamvu ya maginito ya dziko lapansi.

Mphamvu imeneyi ilibe liwu kapena fungo, ndipo ngakhale imapyoza m'matupi mwathu usana ndi usiku, palibe anaimvapo pakhungu. Koma singano ya kampasi imaimvera, niloza kumpoto, ndipo woiyang'anitsitsa amaona kuti sikhazikika konse, imangonjenjemera. M'zaka za m'ma 1830, Carl Friedrich Gauss ndi Wilhelm Weber a ku Göttingen anapangana ndi anzawo a m'maiko ambiri kuti pa masiku oikika, onse pa nthawi imodzi, azilemba malo a singano mphindi 5 zilizonse kwa maola 24. Talingalirani za mlembi wokhala maso usiku wonse, tulo tili m'zikope, akulemba manambala amene iye mwini sadziwa chimene akunena! Kuona maso a nkhono n'kudekha: mu 1852 Edward Sabine, atasanthula zolembedwa za ku Toronto ndi ku Hobart, anapeza kuti kugwedezeka kwa singano kumachuluka ndi kuchepa motsatana ndi mawanga a pa dzuwa.

Pambuyo pake ntchito ya mlembi inapatsidwa kwa makina. Ku Kew, pafupi ndi London, anapachika maginito pa ulusi wa silika, namatapo kagalasi. Kuwala kwa nyali kunkagunda kagalasiko ndi kukagwera pa pepala lojambulira zithunzi, lokulungidwa pa mpukutu umene koloko inkauzunguza, kotero kuti maginito akasuntha ngakhale pang'ono chabe, mzere wa papepala unkakhota. Pa 1 Seputembala 1859, Richard Carrington anaona kuwala koyera kukuphulika pa nkhope ya dzuwa, ndipo pa nthawi yomweyo mzere wa ku Kew unakhota pang'ono. Patapita maola ngati 18 unadumpha mochititsa mantha, mawaya otumizira matelegalamu anathetheka moto, ndipo thambo linafiira usiku mpaka ku Cuba.

Sindinena kuti singano imeneyi imatsimikizira kuti Mulungu aliko. Wonena zotero amachepetsa Mlengi, namuyesa mphamvu imodzi mwa mphamvu zoyezedwa. Chimene ndichilemekeza mwa iyo ndi khalidwe la mboni yokhulupirika, imene siwonjezerapo kuti nkhani ikome, kapena kuchotsapo kuti akuluakulu akondwere. Ife anthu, tsoka likagwa pamudzi, mtima sutilola kukhala ndi chinthu chosamasuliridwa. Maliro asanatuluke n'komwe m'nyumba, wina wapeza kale mfiti, wina walengeza kale kuti ndi mkwapulo wa Mulungu chifukwa cha tchimo lakutilakuti. Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye pansi osatsegula pakamwa. Analakwa pamene anayamba kumasulira zowawa zake, ndipo Mulungu anawadzudzula iwo, amene ankadziyesa omuikira kumbuyo. Ndidziwa kuti singano ilibe mwana woti imuike m'manda, ndipo kudikira n'kopepuka kwa chitsulo kusiyana ndi kwa mayi wofedwa. Komabe ndiyesa kuti kunena kuti izi ndaziona, sindizimvetsa, ndipo sindizifafaniza, ndi chikhulupiriro chozama koposa kufulumira kuyankhula m'malo mwa Wam'mwambamwamba.

Anzeru nawonso amapunthwa pomwepa. Mu 1892 Lord Kelvin, mwamuna wa mbiri yomveka m'sayansi, atawerengera mphamvu imene dzuwa likadafunika kutulutsa kuti ligwedeze singano zathu, anagamula kuti kugwirizana kwa ziwirizi kunangochitika mwamwayi. Iye sanadziwe kuti dzuwa limalavula mitambo ya tizidutswa tokhala ndi magetsi, imene imayenda ulendo wonsewo kudzagunda dziko lathu. Mapepala a ku Kew sanakonzedwe kuti avomerezane naye. Anasungidwa monga analembedwera, ndipo akatswiri oteteza mawaya a magetsi, amene anaona dera la Quebec likukhala opanda magetsi maola 9 mu Malichi 1989 chifukwa cha namondwe wa maginito wonga wa mu 1859, akuwawerengabe kuti adziwe kukula kwa chimene chingabwerenso.