Chilape chobisa ndi chilape chonama

Ana anga, kubisa ndi kwina, kunama ndi kwinanso, ndipo munthu amene sanaphunzire kusiyanitsa ziwirizi asathamangire kuponya chilape pamene pakhala anthu. Ife a kuno ku Biriwiri tinazidziwa zimenezi tisanagwire n'komwe pensulo, nyengo ija chimanga chalowa m'nkhokwe, mphepo ya mwezi wa June ikutsika kuchokera kumapiri a ku Tsangano, ife titaunjikana pamoto wa zitsononkho mawondo ali kuchibwano. Wina ankati "Chilape!", tonse n'kuvomera kuti "Nachize!", ndipo kuyambira pamenepo woponyayo anali ndi ufulu wotizunguza mitu mmene angathere, wotilozera kum'mawa pamene kanthuko kali kumadzulo, koma ufulu wotinamiza analibe. Tikalephera tinkamubayira ng'ombe, ng'ombe ya pakamwa chabe, nthawi zina yotapa m'khola la Inkosi Gomani ku Lizulu kumene, iye n'kuidya ndi ulemu wake wonse, kenaka n'kumasula.

Apa pomasulapa, ana anga, ndi pamene pankagona mlandu. Akanena kuti nyumba ija yopanda khomo ndi dzira, tonse tinkagwira pakamwa n'kumati "Aaa, zoonadi!", aliyense akudziimba yekha mlandu kuti kanthu koonekeratu chotere kamudutsa bwanji. Ng'ombe imeneyo inali yodyedwa mwachilungamo. Koma pankapezekanso kamwana kena kofuna kupambana mwa njira iliyonse, kamene kankati tilote chimene chili m'thumba mwake, kapena kamene kankasintha yankho kakaona kuti wina walipeza. Kameneko sitinkakamenya ayi. Tinkangosiya kukavomera, kakati "Chilape!" pabwalo pali zii, mpaka kadziwe kokha kuti nzeru za yekha anaviika nsima m'madzi.

Tsono mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Azungu nawo ali ndi zilape zawo, kungoti iwo anazitsekera m'timabokosi takuda ndi toyera kumasamba akumapeto a nyuzipepala, n'kuzitcha crossword. Woyamba kusindikiza masewerawa anali Arthur Wynne, mbadwa ya ku Liverpool, mu nyuzipepala ya New York World pa 21 December 1913, ndipo ake anali osavuta: akufunsa dzina la mbalame, iwe ulemba dzina la mbalame. Masewerawa atawoloka nyanja kufika ku England, anthu a kumeneko anaona kuti ndiwo zake n'zosakolera, n'kuyamba kuthiramo tsabola. Edward Powys Mathers, amene ankadzitcha Torquemada, anayamba kulembera The Observer mu 1926 mafunso okhotakhota amene lero amatchedwa cryptic, ndipo The Times inatsatira ndi crossword yake pa 1 February 1930. Musaganize kuti anali masewera a anthu osowa chochita: mu 1942 ena mwa amene anachita bwino pampikisano wa Daily Telegraph anaitanidwa kukathandiza ntchito yomasula mauthenga achinsinsi a adani pankhondo.

Kapangidwe ka funso lotere n'kosavuta kukafotokoza, ngakhale kulimasula kumatuluka nako thukuta. Nthawi zambiri funso limanena yankho kawiri. Kumutu kapena kumchira kwake kumakhala tanthauzo lenileni la liwu lofunikalo, ndipo mbali yotsalayo imakuuza mochenjera mmene ungamangire liwulo ndi zilembo: kuzisokoneza, kuzitembenuza, kuzisolola mkati mwa liwu lina. Kumapeto amakuikira nambala ya zilembo. Chiganizo chonsecho, ukachiwerenga mwamsangamsanga, chimaoneka ngati chikukamba nkhani ina, ndipo pamenepo ndi pamene amagwa othamanga. Akulu anati khotekhote ngwa njoka, utsate kumene kwaloza mutu. Womasula wozolowera sathamangira nkhani ya pamwambayo, amayamba wafufuza kuti mutu wa funsoli uli mbali iti.

Kuti musaone ngati ndikukamba za kutali, tamvani zimene ndinaziona ndi maso pakhonde la sitolo ina pafupi ndi chipata cha malire. Pali mphunzitsi wina wopuma ntchito amene anazolowera masewerawa kalekale, ndipo masiku ano amayesa kuwalemba m'Chichewa pa pepala la m'kope, kujambula mabokosi ndi rula, kudetsa ena ndi bolopeni. Womuyesa mayeso ndi mlamu wake, mlimi wa mbatatesi amene sukulu sanapite nayo patali, koma mutu wake ndi lumo. Tsiku limenelo magalimoto a makabichi anali kudutsa pamsewu wa M1, uwu umene ukaima m'mbali mwake phazi lina limatsala pang'ono kuponda Mozambique, iwo awiri osadzutsa n'komwe mutu.

Funso loyamba linali lakuti: "Umamera kunkhalango, umakwera pamsika," zilembo 6. Mlimi uja anakanda m'mutu, anatchula bowa n'kuwerenga pazala, anakana yekha, kenaka nkhope yake inawala. "Mtengo! Alamu, apa ndiye mwandigwira bwino." Lachiwiri linali lakuti: "Mali wasokonezeka, gwira khasu," zilembo 4. Limeneli linamutengera nthawi, chifukwa maganizo ake anali ku nkhondo za m'dziko la Mali zimene amamva pa wailesi, mpaka anazindikira kuti "wasokonezeka" ndi lamulo lakuti zilembo zinayi zija azisanjenso, ndipo m, a, l, i zinasanduka "lima". Anaseka mpaka kutsokomola. Koma lachitatu ndi limene linabutsa mkangano: "Chilonda chili mkati mwa Balaka," zilembo 4. Yankho analipeza, "bala", koma pensulo anaiika pansi.

"Alamu, apa mwanama."

"Ndanama pati, alamu? Kodi bala mulibe mu Balaka?"

"Lilimo, koma lili pakhomo, silili mkati. Munthu woima pakhomo mungati ali m'nyumba? Ine ndataya nthawi kufufuza pakati, ndikupeza 'alak', chinthu chopanda mutu. Mukanati chili koyambirira kwa Balaka, sindikanadandaula."

Mphunzitsi uja anayamba kudziteteza kuti poti yankho lapezeka ndiye kuti funso lagwira ntchito, ndipo anthu angapo amene ankadikira minibasi ya ku Dedza anagawanika, ena uku ena uku, monga mudziwa kuti mkangano wa eni ake umakoma kwa odutsa. Ine ndinaima ndi mlimi, ndipo ndikadali naye mpaka lero. Kupezeka kwa yankho sikuyeretsa funso. Munthu akhoza kufika kumudzi ngakhale womulozera njira anamunamiza, koma mawa sadzafunsanso njira kwa ameneyo. Paja ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Chimene mlimi wa mbatatesi uja sankadziwa n'chakuti mlandu wakewo unazengedwa kale ku England, ndipo woweruza wake anali mphunzitsinso. Torquemada atamwalira mu 1939, mpando wake ku The Observer unapita kwa Derrick Macnutt, wophunzitsa Chilatini ndi Chigiriki pa sukulu ya Christ's Hospital, amene anadzitcha Ximenes. Iyeyu anakhala pampandowo mpaka imfa yake mu 1971, ndipo mu 1966 anatulutsa buku lotchedwa Ximenes on the Art of the Crossword, limene otsatira ake amaligwira ngati malamulo a bwalo. Mfundo yake, imene mnzake A. F. Ritchie anali atayamba kale kuilalikira, inali yakuti liwu lililonse m'funso likhale ndi ntchito, galamala ikhale yoongoka, ndipo pamene wamasula upeze kuti wolemba ananenadi zoona, iwe ndiwe unamva molakwa. Chinthu chimodzi chimene a gulu limeneli amadana nacho kwambiri ndi kukuuza kuti usokoneze zilembo za liwu limene sanakupatse. Tayerekezani mphunzitsi wathu uja akanalemba kuti "Dziko la kumadzulo kwa Africa lasokonezeka, gwira khasu." Uyambe walota kaye ngati akunena Togo kapena Mali, kenaka usokoneze zilembo za chinthu chongolota. Kumeneko ndiye kuuza mnzako kuti alote za m'thumba mwako, ndipo liwiro la mumchenga, ana anga, n'kuyambira pamodzi.

Koma ndisakunamizeni kuti onse anagwadira Ximenes. Kunali mbusa wa mpingo wa Anglican, John Graham, amene ankadzitcha Araucaria, ndipo analembera The Guardian kuyambira 1958 mpaka kumwalira kwake mu 2013. Ameneyu ankadumpha mpanda wa malamulowo akaona kuti kuseri kwake kuli chinthu chokoma, ndipo osunga malamulo ankang'ung'udza, koma owerenga ankamukonda ngati agogo awo. Atadwala khansa ya kummero, uthengawo anawauza kudzera mu crossword yomweyo, iwo n'kumamasula liwu ndi liwu mpaka kumva chimene chagwa. Tsono mudzandifunsa kuti ngati ndinaima ndi mlimi uja, mbusayu ndimuika pati? Ndimuika pamalo aulemu, chifukwa iye ankathyola lamulo kuti womasula asangalale, osati kuti iye aoneke wanzeru, ndipo anthu amadziwa kusiyanitsa ziwirizi ngakhale sangathe kufotokoza.  Achinyamata ambiri amaona ufulu wa mbusayu n'kuyamba kulemba zosalongosoka, n'kumati nawonso ndi aluso. Ukapanda mano usamaswe phale.

Ndaona kuti woponya chilape wabwino amakhala ndi mtima wofuna kugonja, kungoti asagonje msanga. Amakondwa akaona nkhope zikukwinyika, koma amakondwa koposa akaona imodzi ikuwala. Amene amanyadira kuti funso lake palibe analimasula ali ndi matenda omwe aja a kamwana ka chinthu cha m'thumba, ndipo matendawa sali m'masewera mokha. Mudzawapeza mwa wolemba mayeso amene amasangalala ana onse akalephera, mudzawapeza mwa wolemba pangano la ngongole amene amabisa chiwongoladzanja m'mawu oti mlimi asawamve. Onsewa amati sananame, ndipo mwina pa pepala sananamedi, koma chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Pali chinanso chimene mabuku a ku London sangakuuzeni bwino, chifukwa nsomba siiona madzi. Chilungamo cha funso chimadalira zimene wofunsa ndi wofunsidwa akudziwira limodzi. Mafunso a ku England ndi odzaza ndi mawu a masewera a cricket, timitsinje ta kwawo ndi zidule za maudindo a asilikali awo, ndipo mwana wa ku Ntcheu akakakamira pamenepo asadziyese mbuli. Wangofunsidwa za kumudzi kwa eni. Chimodzimodzi ife tikalemba funso lofuna kuti munthu adziwe metikali, kapena mmene mbatatesi ya ku Tsangano imasiyanirana ndi ya kwina, kuno ku Biriwiri aliyense alimasula ali chiimire, pamene msodzi wa ku Nkhotakota adzati tamuchitira nkhanza, ndipo adzakhala akunena zoona. Wolemba ayambe wadzifunsa kuti pamoto pake pakhala ndani.

Ndipo inu amene mudzafune kulemba masewerawa m'chinenero chathu, konzekerani mlandu wa kalembedwe, chifukwa kabokosi kamodzi kamalandira chilembo chimodzi basi, sikamva za "ndimo timanenera kwathu". Boma lathu lomweli mapepala akale ankalilemba Ncheu, zilembo 5, lero ndi Ntcheu, zilembo 6. Ena amalemba "mau", ena "mawu". Dzina la mudzi wathu uno mudzaliona pena ndi r, pena ndi l, ndipo liwu lodutsana nalo m'bokosi lidzafuna chimodzi chokha mwa ziwirizi. Nanga kachizindikiro ka mu "ng'ombe" kapatsidwe bokosi lake kapena ayi? Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972 n'kuyala malamulo a kalembedwe, koma malamulo a m'buku ndi zolembedwa pazikwangwani za m'misika sizinagwirizanebe. A Ximenes ndi wolowa m'malo mwake, Jonathan Crowther wodzitcha Azed, anathetsa mkangano wotere kwawo pouza omasula kuti mkhalapakati ndi dikishonale ya Chambers. Ifenso tili naye wathu, Mtanthauziramawu wa Chinyanja umene a Centre for Language Studies ku Zomba anatulutsa mu 2000. Lembani pamwamba pa pepala kuti mwatsata umenewo, kuti wotsutsa akatsutse buku, asatsutse inu. Mapanga awiri avumbwitsa.

Mphunzitsi uja, pomaliza pake, anafufuta "mkati mwa" n'kulemba "koyambirira kwa", akung'ung'udza kuti chiganizo chataya kukoma. Mlamu wake anamuuza kuti afunefune njira ina yoti chikome osanama, poti nthawi ali nayo, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabata yotsatira anabwera ndi lina, limene mlimiyo analitembenuza mbali zonse kufuna pomugwirira, osapeza. Ndikusiyirani lomwelo kuti mulimbane nalo usiku uno, ndipo mukalipeza muliyese liwu ndi liwu ngati muli bodza: "Yankhula, iwe woyenda ndi nyumba kumsana," zilembo 5.